Khadi la Mayi Mtambalika pa Galasi la Telala

Mayi Everlyn Mtambalika anafika ku Dubai m'chaka cha 2007 ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Kwawo ndi ku Bilila m'boma la Ntcheu. Asanabwere kuno anaphunzitsa sukulu ya mkaka pa tchalitchi china ku Balaka kwa zaka zisanu ndi zinayi, mpaka pamene amuna awo anamwalira n'kuwasiyira ana atatu, wamkulu ali Fomu 2. Ntchito imene anaipeza inali yolera ana awiri ndi kusamalira nyumba ya banja lina la Aluya ku Al Warqa. Madamu wawo anali dokotala wa mano, munthu wa mawu ochepa ndiponso wosavuta. Ankawalola kupuma Lachisanu lonse, ndipo pasipoti ankasunga okha m'sutikesi yawo, zimene amayi ambiri a ntchito za m'nyumba kuno sanazionepo.

Ine ndinawadziwira ku mapemphero a Lachisanu, amene Amalawi ndi Azambia timachitira m'chipinda chobwereka ku Jebel Ali. Ntchito yanga ndi yokonza makina oziziritsa mpweya m'mafakitale, ndipo ndimakhala ku Discovery Gardens. Popeza ndimagwira mawaya, anthu a kumapempheroko anagamula okha kuti ndimadziwanso makompyuta. Sindinawatsutse mokwanira.

Mayi Mtambalika ndi aafupi, oyenda mosafulumira. Akamalankhula ndi munthu amayang'ana nsapato zake, ndipo akamaliza amakhala atamva zonse. Atsikana obwera kumene ankawazungulira mapemphero akatha. Mafunso ake ankakhala omwewo mlungu uliwonse: madamu akanena kuti yalla ndiye kuti wakwiya kapena ayi, mkanjo woyera wa bwana umasitidwa bwanji kuti usachite chikasu m'khosi, ufa woyera umapezeka shopu iti, munthu akadwala dzino anene bwanji.

Lachisanu lina chakumayambiriro kwa 2010 anabwera ndi kompyuta ya m'manja ataikulunga m'chitenje. Madamu anali atawapatsa chifukwa batire lake linali litafa, moti inkayaka pokhapokha ikhale pa magetsi. Anandiuza kuti atopa kuyankha funso limodzi kakhumi, ndipo amva kuti pa intaneti munthu angathe kukhala ndi tsamba lake lolembapo zinthu, ena n'kumawerenga ali kwawo. Ndinawatsegulira bulogu tsiku lomwelo. Polembetsa pankafunika imelo, ndipo iwo analibe, choncho ndinaikapo yanga. Zimenezi tizipezanso kutsogoloku.

Bulogu ija anaitcha Tilipo. Ankalembamo m'Chichewa, mizere yochepa, kawiri kapena katatu pa mlungu. Ankalemba za kachapidwe ka makatani, za mawu a Chiarabu amene wantchito ayenera kuwadziwa mlungu woyamba, za maliro a kumudzi amene amva, ndi za atsikana amene kontirakiti yawo yatha ndipo angathe kunyamulako kalata. Patatha miyezi iwiri tinapeza kuti owerenga anali atatu: iwo eni, ine, ndi a Maclean, Mzambia wa ku Chipata amene amagwira ntchito pa bwalo la ndege.

A Maclean ndi amene anatiuza za makhadi. Iwo anali ndi bulogu ya nkhani za mpira. Anati kuli kampani ina kunja imene inalumikiza eni mabulogu a maiko onse kuti azilengezerana okhaokha popanda kulipira. Munthu ukalembetsa, unkapanga kakhadi kako, kachithunzi kakang'ono ngati bokosi la machesi. Pambali pa tsamba lako pankakhala kabokosi koonetsa khadi la munthu wina kwa tsiku limodzi, ndipo lako linkaoneka pa tsamba la wina. Ukapita pa bulogu ya mnzako n'kudina kabokosiko, ndiye kuti wamuponyera khadi. Iye ankaona pa mndandanda wake kuti uje anafika nthawi yakuti, ndipo iwe unkalandira mapointi ogulira malo pa masamba ena. Munalinso polemberana timauthenga. Dzina la kampaniyo amayi athu ankalephera kulitchula, ankangoti "ku makhadi".

Khadi la Mayi Mtambalika tinalipanga pojambula chitenje chachikasu chimene anakulungira kompyuta chija, n'kulembapo mawu awiri akuda: Mwadzuka bwanji.

A Maclean ankaponya makhadi mazana atatu pa tsiku, osawerenga ngakhale mzere umodzi pa masamba amene ankapitapo. Mayi Mtambalika ankaponya khumi ndi limodzi. Ana akakwera basi ya kusukulu ndipo madamu akatuluka, ankalumikiza kompyuta m'kachipinda kawo ka kuseri kwa khitchini n'kuyamba kuyendera anthu awo. Ankayambira kwa mayi wina wachikulire wa ku Kenya wolemba za maluwa, kenako m'busa wopuma wa ku Ghana, n'kumatsika motsatira zaka. Paliponse ankawerenga kaye zimene mwini wake walemba, kusiya moni, kenako n'kudina. Kwa iwo imeneyi sinali nkhani ya malonda. Kunali kudzutsa anansi m'mawa monga ankachitira ku Bilila.

"Imwe ba Everlyn, mapointi yanu yazaola," anatero a Maclean tsiku lina. "Eleven chabe? Mufuna mukadziwike chaka chiti?"

"Inu mumalowa m'makomo mazana atatu osaodira," anayankha mayiwo. "Kwathu woyenda choncho timamusecha m'matumba."

Komabe owerenga anayamba kuchuluka. Khadi lachikasu likaoneka pa tsamba la munthu wa ku Manila kapena ku Kampala, wina wodziwa mtsikana wa ku Malawi ankamuonetsa. Pofika kumapeto kwa chakacho, ku mapemphero kunkabwera nkhope zatsopano zonena kuti zatidziwira pa Tilipo. Pa msonkhano wa Khirisimasi mkulu wa mpingo anandiimiritsa kuti anthu andiombere m'manja. Ndinaimirira pang'ono n'kukhala. Kusukulu ya mishoni kumene ndinaphunzira, mphunzitsi wamkulu ankati munthu akakutamanda uyang'ane chimene waiwala kuchita. Tsikulo ndinayang'ana, koma sindinachione.

Rosta anatulukira m'mwezi wa Febuluwale 2011. Pa mndandanda wa obwera panaoneka khadi latsopano la chithunzi cha mphaka woyera, ndipo tsamba lake linali la Mfilipino wina dzina lake Cindy, wolemba za nyimbo m'chinenero cha kwawo. Koma uthenga umene unabwera nalo unali wa Chichewa: "Ndadzuka bwino amayi kaya inu."

Nkhani yake inadziwika pang'onopang'ono, mizere iwiri lero, umodzi mawa. Rosta anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zitatu. Ankagwira ntchito m'nyumba yaikulu imene sankatulukamo pokhapokha ali m'galimoto ndi madamu. Foni yake anamulanda tsiku limene anafika, pamodzi ndi pasipoti. Cindy anali wantchito mnzake m'nyumbamo, ndipo ankatsegula kompyuta ya ana a bwana mozemba akamapukuta chipinda chawo chowerengera. Tsiku lina Cindy anaona khadi lachikasu pa tsamba lake n'kumuitana Rosta kuti aone ngati mawuwo anali a kwawo. Inali miyezi isanu ndi iwiri Rosta asanaone kapena kumva Chichewa.

Mu Juni Cindy anabwerera kwawo. Asanapite anamuphunzitsa Rosta chinthu chimodzi chokha, kalowedwe ka ku makhadi. Za imelo kapena zolemba pa bulogu sanamuphunzitse, ndipo nthawi yake panalibe. Madamu wa Rosta ankapita kokalimbitsa thupi cha m'ma 9 koloko, wophika ankakhala ali pansi, ndipo Rosta ankakhala ndi mphindi ziwiri kapena zitatu. Kudina kunkatenga kanthawi kochepa kwambiri ndipo sikunkamveka ngati kulemba. Masiku ambiri ankangodina. Khadi la mphaka linkafika pakati pa 9:20 ndi 9:40. Mayi Mtambalika ankalidikira akusita, ndipo likafika ankapita kukabweza. Iwo sankayamba, chifukwa wamng'ono ndiye amadzutsa wamkulu.

Panali uthenga umodzi umene mayiwo anauloweza pamtima. Rosta analemba kuti: "Amayi mukaona khadi ndiye kuti ndilipo. Mukapanda kuliona masiku atatu mundifunefune." Iwo anayankha kuti adzatero.

Atandiuza zimenezi ndinawafunsa ngati akudziwa kumene mtsikanayo amakhala. Anati akumudziwa bwino ndithu. Ndi Nankhoma, kwawo ndi kwa Santhe ku Kasungu, agogo ake aamuna anali mlaliki, mayi ake ali moyo, bambo ake anamwalira chaka cha njala, ndipo iyeyo ndi wachiwiri kubadwa. Zonsezi anamufunsa mwadongosolo lake, monga mmene mlendo amafunsidwira akakhala pa mphasa. Dzina lolembedwa m'pasipoti sanamufunse. Dzina la bwana wake sanamufunse. Za dera, Rosta mwiniyo sankadziwa. Anangoti nyumbayo ndi ya mpanda woyera pafupi ndi mzikiti, ndipo ndege zimadutsa pafupipafupi. Theka la Dubai ndi lotero. Ndinawauza kuti afunse zotsalazo. Anati mwana wamantha sumupanikiza ndi mafunso a kupolisi, adzamufunsa akazolowerana. Ine sindinabwerezenso.

Zinayenda choncho miyezi khumi. Khadi linajomba kawiri kokha, tsiku limodzi limodzi.

Lamlungu lina m'mwezi wa Epulo 2012, limene kuno linali tsiku la ntchito, ndili pamwamba pa denga la fakitale ina, foni yanga inalira. Mayi Mtambalika sankaimba nthawi ya ntchito. Anapereka moni wonse bwinobwino, kufunsa za thupi ndi za kunyumba, kenako anati kompyuta yawonongeka. Pamene pankakhala kabokosi pangotsala malo oyera, ndipo akafuna kulowa ku makhadi pakubwera mawu a Chingerezi okhaokha. Ndinawapempha kuti andiwerengere. Anawerenga pang'onopang'ono. Kampaniyo inkathokoza anthu onse chifukwa cha zaka zabwino, ndipo inkadziwitsa kuti yatseka ntchito zake zonse kuyambira tsiku limenelo.

Ndinawauza kuti kompyuta ili bwino, chatha ndi kampani. Anafunsa kuti itsegulanso liti. Ndinati zikuoneka kuti sitsegulanso. Anafunsa za mauthenga, ndi za mndandanda wa obwera. Ndinati zonsezo zinkasungidwa kwa eni kampani, osati m'kompyuta yawo.

Ndinkamva makina ochapira akuzungulira kumbuyo kwawo.

"Ndiye kuti naye akuona zomwezi," anatero.

Madzulo ake nditafika kunyumba ndinatsegula imelo yanga, imene tinalembetseranso ku makhadi. Kampaniyo inkatumiza makalata a malonda pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ndinali nditasiya kuwatsegula kalekale. Pakati pawo panali kalata ya Lachinayi lapitalo. Inkanena kuti atseka pakatha masiku atatu, ndipo aliyense akopere maadiresi a anzake ndi mauthenga ake nthawi isanathe. Kalatayo ndinaiona Lachinayi lomwelo, mutu wake wokha, n'kuidumpha. Ndikanaitsegula, pakanakhala m'mawa wa Lachisanu ndi wa Loweruka woti mayiwo amufunse Rosta dzina lake lenileni, kapena kumupatsa nambala ya foni.

Ndinawauza Lachisanu lotsatira, tili panja pa chipinda cha mapemphero. Anamvetsera akuyang'ana nsapato zanga.

"Munaiona Lachinayi?"

"Ndinaiona, mayi."

"Chabwino, a Jailosi. Inu munali ndi masiku atatu. Ine ndinali ndi chaka." Anakonza mpango wawo. "Masiku atatu a mwana uja akwana kale. Tiyambire pati?"

Tinayamba ndi zimene ine ndinkadziwa. Tsamba la Cindy tinalipeza, likadali ndi nkhani yomaliza ya chaka chapitacho. Tinasiyapo uthenga ndi nambala ya foni, koma palibe anayankha, ndipo Rosta sankadziwa njira yofikira pa tsambalo popanda kudzera ku makhadi. Mkulu wa mpingo anati angathe kuperekeza mayiwo ku maofesi oyenera, koma kulikonse adzafunsa dzina la m'pasipoti kapena la bwana, ndipo Nankhoma si dzina limene kompyuta ya boma ingalipeze. Mayiwo analemba kalata kwa abusa a kwa Santhe. Yankho linabwera patatha milungu isanu ndi iwiri. Banjalo linapezeka, pakuti mfunda ndi mbiri ya agogo zinathandiza kumeneko. Koma mayi ake a Rosta ankangodziwa kuti mwana wawo ali ku Dubai. Munthu amene anamutenga anamupangira pasipoti ku Lilongwe pa dzina limene iwo sanalione, ndipo munthuyo anali atasamuka.

A Maclean, amene mapointi awo onse anapita tsiku limodzi, anadandaula mlungu umodzi n'kusamukira kwina kumene anthu anali atayamba kuchezerako pa intaneti. Owerenga Tilipo anatsika. Mwa anansi khumi ndi mmodzi aja, mayiwo anapezanso anayi okha, chifukwa maadiresi a masamba awo sanawalembepo paliponse. Ankadziwa makhadi awo monga mmene munthu amadziwira nyumba ya mnzake ndi mtengo wa pakhomo, osati nambala ya puloti.

Chimene chinatsala chinali chinthu chimodzi chimene Rosta ananenapo mongodutsa. Chikondwerero cha Eid chikamayandikira, madamu ankamutengera ku Satwa kwa telala kuti akamuyeze yunifolomu yatsopano. Analemba kuti telalayo ndi wa ndevu zofiira ndipo anamupatsa madzi ozizira.

Chakumapeto kwa Meyi Mayi Mtambalika anandipempha kuti ndiwasindikizire khadi lachikasu lija pa mapepala olimba, makumi asanu ndi limodzi, lofanana ndendende ndi la pa intaneti, kukula kwake kokha ndiye kuchuluke. Pansi pake tinaikapo nambala yawo. Ndinawauza kuti ku Satwa matelala ndi ambirimbiri, ndipo amene amapaka ndevu zawo mankhwala ofiira sangachepere makumi awiri. Anati amva.

Lachisanu lililonse mapemphero akatha ankakwera sitima ya metro kenako basi mpaka ku Satwa. Mashopu ankatsegula 4 koloko. Kunali kutentha kwa Juni, koti munthu ukatuluka m'basi magalasi amachita nthunzi. Ndinawaperekeza kawiri. Ankalowa m'shopu, kupereka salamu kwa wamkulu wa pamenepo, kufunsa za ntchito, n'kudikira mpaka wina aleke kupalasa makina. Kenako ankatulutsa khadi n'kufotokoza m'Chingerezi chosakaniza ndi Chiarabu cha kukhitchini. Ankapempha kuti alimate pa galasi pamene munthu amaima akamayezedwa, ndipo iwo atenga khadi la shopuyo n'kukaliika pa tsamba lawo la pa intaneti kuti amayi a ku Malawi azidziwa kosokera. Inu mundionetse, ine ndikuonetsani. Ena ankakana. Ena ankalandira n'kuliponya m'dirowa. Mashopu asanu ndi awiri pa tsiku ndiye anali malire awo, chifukwa sankadziwa kulowa ndi kutuluka msanga. Amene analandira, makhadi awo ndinkawajambula n'kuwaika pa Tilipo monga mwa pangano, moti pofika Julayi mbali yonse ya tsambalo inali matelala okhaokha.

Mwa iwo munali a Rafiq, Mpakistani wachikulire wa shopu yopapatiza pafupi ndi pogulitsira mabatani. Ndevu zawo zinali zofiira ngati za anzawo asanu ndi atatu amene tinali titawapeza kale. Iwo anafunsa kuti mawu a pakhadiwo akutanthauza chiyani, ndipo atauzidwa anaseka.

"Miyezi iwiri ukuyenda padzuwa kufunsa munthu ngati wadzuka? Mama, ameneyo ngati sanadzuke mpaka pano, khalas, zake zatha."

"Inu matani khadilo, Masitala," anatero mayiwo. "Pamwamba pang'ono. Ndi wamtali."

Sankadziwa ngati Rosta anali wamtali. Pambuyo pake anandiuza kuti anthu a ku Kasungu amene anawaonapo anali aatali.

Mwezi wa Ramadan unayamba cha kumapeto kwa Julayi. Nyumba ya ku Al Warqa inadzaza alendo, ndipo mayiwo anajomba ku Satwa milungu iwiri. Lachitatu lina mu Ogasiti, kutatsala masiku ochepa kuti Eid ifike, a Rafiq anawaimbira foni. Anati abwere adzatenge khadi lawo chifukwa wina walilemba.

Madamu anawalola kutuluka maola atatu. Anandiimbira, ndipo ndinakumana nawo komweko. A Rafiq anamatula khadilo pa galasi n'kulitembenuza. Kuseri kwake kunali mawu olembedwa ndi cholembera cha pa kauntala, opendama chifukwa chofulumira: "Ndadzuka amayi. Ndilipo. Rosta."

A Rafiq anafotokoza kuti dzulo lake kunabwera madamu wina ndi wantchito wa ku Africa. Pamene ankamuyeza mapewa, mtsikanayo anaima chilili osapuma, moti anachita kumuuza kuti atsitse manja. Madamu atatuluka kukaona nsalu pa shopu yoyandikana nayo, mtsikanayo anamatula khadilo, kulemba, n'kulimatanso. Nambala ija anaiwerenga kangapo milomo ikugwedera. Mayi Mtambalika anafunsa ngati anali wowonda, ngati ankatsimphina, ngati anali ndi mabala. A Rafiq anatsegula buku la miyezo n'kuyerekeza ndi ya chaka chatha. M'chiuno munali mutachepa zala ziwiri. Zina zonse zinali chimodzimodzi. Anawonjezera kuti sanali wamtali.

Ndinapempha nambala ya madamuyo kapena dzina lake. A Rafiq anakana. Anati banjalo alisokera zaka khumi ndi ziwiri, ndipo telala wopereka manambala a makasitomala amatseka shopu. Ndinayamba kukakamira, koma mayiwo anandigwira mkono. Anafunsa kuti mayunifolomuwo adzatengedwa liti. Dalaivala ankayenera kudzawatenga Loweruka. Anafunsanso ngati yunifolomu imakhala ndi thumba. A Rafiq anati thumba ndi la mwini chovala, ndipo iwo sasecha m'matumba mwa anthu.

Mayiwo anatenga khadi latsopano n'kulemba kuseri kwake atatsamira pa kauntala. Analemba kuti moni afika, kuti mayi ake kwa Santhe ali bwino ndipo mbuzi yawo yaswa, ndiponso kuti akapeza foni ya munthu aliyense aimbe nthawi ina iliyonse. A Rafiq analipinda kanayi, kulilowetsa m'thumba la yunifolomu ya pinki, n'kusoka pakamwa pa thumbalo ndi ulusi umodzi wosavuta kudula.

Panalibenso china chochita. Seputembala anadutsa, Okutobala anadutsa. Mayiwo ankayenda ndi foni m'thumba la epuloni ngakhale posambitsa ana. Ku Satwa ankapitabe kamodzi pa mwezi kukadzutsa a Rafiq ndi matelala ena anayi amene anawazolowera. Sindikudziwa ngati ankayembekezera kanthu kumeneko. Sindinawafunse.

Foni inalira pa 22 Novembala, Lachinayi, nthawi ili cha m'ma 9:30 m'mawa. Nambala yake inali yachilendo, ya mayi wina wa ku Ethiopia amene anakhala pafupi ndi Rosta pa bwalo la ndege. Kontirakiti inali itatha, dalaivala anali atamusiya pakhomo ndi tikiti ndi pasipoti, ndipo ndege inkanyamuka pasanathe ola. Kuchokera ku Al Warqa kupita ku bwalo la ndege si kutali, koma mwana wamng'ono wa madamu anali kunyumba ndi chifuwa, ndipo Rosta anali atalowa kale m'kati. Sanaonane, ndipo mpaka lero sanaonanepo.

Zimene analankhulana mayiwo anandiuza mawa lake. Anati atayankha foniyo kunali chete, ndipo iwo anadikira, popeza woyamba anayenera kukhala iyeyo.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka, mwanawe. Kaya iwe?"

"Ndadzuka. Tsiku lija nditaona malo oyera pamene pankakhala kabokosi, ndinkaganiza kuti ndaononga kompyuta ya eni. Ndinadikira kumenyedwa mlungu wonse."

"Sunaononge kanthu. Tsegula pasipotiyo. Undiwerengere dzina limene lalembedwamo."

"Panopa ndikupita kwathu, amayi. Mulifuniranji?"

"Werenga basi."

Linali dzina limene palibe aliyense wa ife akanaliganiza, la mwamuna amene anamutenga kwa Santhe uja. Mayiwo analilemba kuseri kwa khadi lachikasu. Anafunsanso dera, ndipo Rosta anati pobwera anawerenga chikwangwani cha pamsewu. Nyumbayo inali ku Al Warqa komweko, chigawo chachiwiri. Mayi Mtambalika amakhala chigawo chachitatu. Kenako mwini foni anaifuna.

Mayiwo akadali m'nyumba yomweyo. Ana amene ankawalera ali ku yunivesite, ndipo tsopano amasamalira mayi ake a madamu. Tilipo ikadalipo pa intaneti ndi matelala ake m'mbali, ngakhale kuti nkhani yomaliza ndi ya 2014 ndipo mashopu ena mwa amenewo anagwetsedwa. Pa makhadi makumi asanu ndi limodzi aja panatsala khumi ndi anayi, ndipo atatha ndinawasindikizira ena. Amayenda nawo m'chikwama ku mapemphero. Mtsikana watsopano akafika, amamukhazika pambali n'kumufunsa mfunda wake, kwawo, mpingo wake ndi za makolo ake, mosafulumira monga kale. Akamaliza amatulutsa khadi ndi cholembera, n'kumuuza kuti alembe kuseri dzina la m'pasipoti, dzina la bwana, ndi chigawo chimene akukhala.